CHIHEMA CHA MULUNGU M'CHIPULULU: MTHUNZI WA KHRISTU NDI WA EKLEZIA WAKE

Mwa mabuku a Chipangano Chakale, buku la Eksodo likondedwa ndi ana ndi akulu omwe chifukwa cha nkhani zake zazikulu: miliri ya ku Ejipito, kuoloka nyanja pouma, mana ogwa m'chipululu, ndi malamulo khumi. Koma owerenga ambiri akafika pa mutu 25 ayamba kutopa, pakuti pamenepo nkhani zija zileka, ndipo payamba miyeso ya matabwa, kuchuluka kwa ngowe ndi mitundu ya nsalu. Mitu 13 yathunthu (25 mpaka 31, ndiponso 35 mpaka 40) ikamba za chinthu chimodzi, ndicho Chihema chimene Mulungu adalamula Mose kuti amange patsinde pa phiri la Sinai. Nkhani ya kulengedwa kwa dziko lonse idakwana m'mitu iwiri yokha. Nanga Mzimu Woyera adachulutsiranji mau chotere pa nyumba ya nsalu ndi zikopa?

Kalata yolembera Ahebri iyankha kuti Chihemacho chidali mthunzi wa zinthu zimene zidali kudza. Munthu akamabwera madzulo dzuwa lili kumbuyo kwake, mthunzi wake uyamba kufika pabwalo iye mwini asanatulukire kuseri kwa nyumba, ndipo amene amdziwa amzindikira ndi mthunzi womwewo. Momwemonso Chihema chidafika Khristu asanafike. Phunziro lake lalikulu ndi ili: Mulungu afuna kukhala pakati pa anthu, koma tchimo lidatseka njira yofikira kwa Iye, ndipo njirayo idatsekuka ndi magazi a Yesu okha.

MULUNGU AKHALA M'MSASA

Aisraele m'chipululu adalibe nyumba. Adali kugona m'mahema, lero pano, mawa uko. Mulungu sadadikire kuti ayambe akhazikika ndi kummangira nyumba ya miyala. Adafuna hema longa la anthu ake, loti nkuzula ndi kunyamula pamapewa. Buku la Numeri lifotokoza kuti mafuko 12 aja adali kumanga misasa yao mozungulira Chihema, mafuko atatu mbali iliyonse, Alevi ali pafupi pake, ndipo fuko la Yuda lidali kuvuma, moyang'anana ndi chipata. Mwisraele aliyense potuluka m'hema mwake m'mamawa adali kuona mtambo uli pamwamba pa Chihema, nadziwa kuti Mulungu ali pakati pa mudzi. Mtambo ukanyamuka, anthu adali kunyamuka. Ukaima, iwonso adali kuima.

Chihema chidaimikidwa pa tsiku loyamba la mwezi woyamba, chaka chachiwiri chitulukire ku Ejipito. Tsiku limenelo ulemerero wa Mulungu udadzaza m'katimo, kotero kuti ngakhale Mose yemwe sadathe kulowamo.

Yohane Woyera, pa mutu woyamba wa Mthenga Wabwino wake, pofotokoza za Mwana wa Mulungu wosanduka munthu, adasankha liu la Chigriki lotanthauza kumanga hema. Adafuna kuti owerenga akumbukire m'chipululu muja. Thupi limene Yesu adalitenga mwa Maria Virigo ndilo Chihema chenicheni. Monga Mulungu adavomera kuyenda ndi anthu oyendayenda, momwemo Mwana wake adavomera njala, kutopa ndi imfa ya anthu akufa.

Denga la Chihema lidali la zofunda zinayi. M'kati mwenimweni mudali nsalu za bafuta wosalala, zopetedwa ndi thonje lobiriwira ngati thambo, lofiirira ndi lofiira. Pamwamba pake nsalu za ubweya wa mbuzi. Kenaka zikopa za nkhosa zamphongo zonyika mu utoto wofiira. Ndipo kunja kwenikweni zikopa zina zolimba zotchinjiriza dzuwa ndi fumbi. Munthu wodutsa patali sakadaganiza kuti m'katimo makoma adakutidwa ndi golide. Makolo adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Za Mulungu zimakhala mosemphana ndi mkuyu: kunja n'zosaoneka bwino, chuma chili m'kati. Anthu a ku Nazarete adaona mwana wa mmisiri wa matabwa chabe, namnyoza. Ambiri lero aona kamkate koyera kakang'ono chabe m'manja mwa wansembe, napitirira.

GOLIDE WA FANO NDI GOLIDE WA CHIHEMA

Pakati pa mitu ya malangizo ndi mitu ya kumanga pali nkhani yomvetsa chisoni. Mose ali paphiri kulandira chitsanzo cha Chihema, anthu pansi adavula ndolo zao zagolide, Aroni nawasulira fano la mwanawang'ombe. Atalangidwa ndi kukhululukidwa, anthu omwewo adabwera ndi zokometsera zao zotsala, ndi thonje, zikopa, mafuta ndi matabwa. Akazi aluso adapota ubweya ndi manja ao. Zopereka zidachuluka mpaka amisiri, otsogoleredwa ndi Bezalele ndi Oholiabu, adakadandaula kwa Mose, ndipo Mose adalengeza mu msasa monse kuti anthu aleke kubweretsa. Golide yekha adaposa matalente 29, ndiye kuti pafupifupi tani imodzi.

Chuma chomwecho chingathe kusula fano, chingathenso kumanga nyumba ya Mulungu. Mwini wake ndiye asankha. Akhristu amene aumba njerwa, kutunga madzi ndi kupereka mtulo wao pomanga tchalitchi cha pa mudzi pao, agwira ntchito ya Bezalele ndi ya akazi opota aja.

BWALO: CHIPATA, GUWA NDI BESENI

Chihema chidazingidwa ndi mpanda wa nsalu zoyera, kutalika kwake mikono 100, mulifupi mikono 50, ndiye kuti pafupifupi mamita 45 ndi mamita 22. Chipata chidali chimodzi chokha, cha kuvuma. Buku la Genesisi lisimba kuti Adamu atapirikitsidwa m'munda wa Edeni, Mulungu adaika akerubi chakuvuma kwa mundawo kuti alonde njira. Tsono munthu wolowa pa chipata cha Chihema, nayenda cholunjika kuzambwe, adali ngati wobwerera kumene makolo ake adachotsedwa. Yesu adadzitcha yekha khomo la nkhosa, ndipo palibe khomo lina lachiwiri.

Chinthu choyamba chokumana nacho m'bwalomo chidali guwa lopserezapo nsembe, la mtengo wa kasiya (mtengo waminga wa m'chipululu, mbale wake wa mthethe) lokutidwa ndi mkuwa, mikono isanu mbali zonse ndi mikono itatu msinkhu wake. Moto wake sudaloledwe kuzima. Tsiku lililonse ansembe adali kuperekapo anaankhosa awiri, mmodzi m'mawa, wina madzulo. Munthu wobwera ndi nsembe yake adali kusanjika dzanja pamutu pa nyamayo, kusonyeza kuti iperekedwa m'malo mwake. Palibe amene adatha kufika ku Chihema molambalala guwali. Guwalo ndi mthunzi wa Mtanda, pamene Mwanawankhosa wa Mulungu adaperekedwa chifukwa cha machimo a anthu onse.

Pakati pa guwa ndi Chihema padali beseni lamkuwa, m'mene ansembe adali kusamba m'manja ndi m'mapazi asanayambe ntchito, kuopa kuti angafe. Malembo anena kuti besenilo lidasulidwa ndi akalilole amkuwa amene adapereka akazi otumikira pa khomo la Chihema. Madziwo akumbutsa Ubatizo, umene mphamvu zake zichokera ku Mtanda, monga m'nthiti mwa Ambuye mudatuluka magazi ndi madzi pamodzi. Koma popeza ansembe adali kusamba tsiku ndi tsiku, akumbutsanso Sakramenti la Kulapa. Munthu ayamba wadziyang'ana pa kalilole, ndiko kufufuza mtima wake, kenaka asamba. Madzi odalitsidwa a pa khomo la tchalitchi, ndi kusamba m'manja kwa wansembe pa Misa, zinena zomwezo: wodetsedwa asayandikire zoyera.

MALO OYERA: MKATE, NYALE NDI LUBANI

Anthu wamba adali kulekera pabwalo. Chihema chenicheni, chotalika mikono 30, chidagawidwa zipinda ziwiri, ndipo m'chipinda choyamba, chotchedwa Malo Oyera, mudali kulowa ansembe okha. M'menemo mudali zipangizo zitatu.

Chakumpoto kudali tebulo lokutidwa ndi golide, loikapo mikate 12 m'mizere iwiri, mkate umodzi kuimira fuko limodzi. Pa Sabata lililonse adali kuikapo yatsopano, ndipo yakaleyo adali kudya ansembe okha, pa malo oyera. Cyril Woyera wa ku Yerusalemu, pophunzitsa akhristu obatizidwa chatsopano m'zaka za m'ma 300, adawauza kuti mikate imeneyi idatha pamodzi ndi Chipangano Chakale, ndipo m'malo mwake mudadza Mkate wakumwamba. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Mikate ija idali ufa wophikidwa chabe, yodyedwa ndi a banja la Aroni okha; Ukaristia ndi Thupi lenileni la Ambuye, ndipo aitanidwa kudzadya obatizidwa onse okonzeka bwino, mfumu ndi wosauka, nkhalamba ndi mwana.

Chakumwera kudali choikaponyale cha golide wosula, cha nthambi zonga za mtengo wa alimondi wochita maluwa, chonyamula nyale zisanu ndi ziwiri. Chihema chidalibe mawindo. Nyalezi zikadazima, ansembe akadagwira ntchito mu mdima. Khristu ndiye kuwala kwa dziko, ndipo nyale zisanu ndi ziwirizo aphunzitsi a Eklezia aziyerekeza ndi mphatso zisanu ndi ziwiri za Mzimu Woyera. M'buku la Chivumbulutso, Yohane adaona zoikaponyale zisanu ndi ziwiri, nauzidwa kuti ndiyo mipingo. Pali kanthu kena koyenera kukumbukira: mafuta a olivi a nyalezo adali kubweretsa ndi anthu wamba, ngakhale iwo sadali kulowa m'katimo. Eklezia sangawale ndi ansembe okha.

Patsogolo pa nsalu yotchinga padali guwa laling'ono lagolide, lofukizirapo lubani m'mawa ndi madzulo. Masalimo ndi buku la Chivumbulutso ayerekeza utsi wa lubani ndi mapemphero okwera kwa Mulungu. Banja lachikhristu lopemphera podzuka ndi pogona lisunga lamulo lomwelo limene Aroni adali kusunga.

Mpando mudalibe m'chipindamo. Ansembe adali kutumikira chiimirire, pakuti ntchito yao sidali kutha: nsembe ya lero idali kufuna inzake mawa. Kalata yolembera Ahebri isiyanitsa zimenezi ndi Khristu, amene atapereka nsembe imodzi yokwanira nthawi zonse, adakakhala pansi ku dzanja lamanja la Atate. Misa siwonjezera kanthu pa nsembe ya pa Mtanda ngati kuti idaperewera. Ndiyo nsembe imodzi yomweyo yofika pa guwa lililonse, kuti anthu a mibadwo yonse alandire zipatso zake.

NSALU YOTCHINGA

Apa ndipo pagona mtima wa phunziro lonse. Pakati pa zipinda ziwirizo padapachikidwa nsalu yopetedwa zithunzi za akerubi, onga aja olonda njira ya ku Edeni. Kuseri kwake kudali Malo Oyeretsetsa, kachipinda kopanda nyale, kosungiramo Bokosi la Chipangano. Pamwamba pa Bokosilo padali chivundikiro cha golide yekhayekha, ndi akerubi awiri ofunyulula mapiko moyang'anana, ndipo pakati pao ndi pamene Mulungu adalonjeza kukumana ndi Mose.

M'kachipindako mudali kulowa munthu mmodzi yekha, mkulu wa ansembe, tsiku limodzi lokha pachaka: tsiku la 10 la mwezi wachisanu ndi chiwiri, Tsiku Lopepesera Machimo, limene Ayuda alisungabe mpaka lero ndi kusala zakudya ndi mapemphero, nalitcha Yom Kippur. Mutu 16 wa Levitiko ufotokoza mwambo wake. Mkulu wa ansembe adali kuvula zovala zake zaulemu, nasamba thupi lonse, navala bafuta woyera. Adali kulowa ndi makala amoto ndi lubani, kuti utsi uphimbe chivundikiro chija, angafe. Adali kuwaza ndi chala chake magazi a ng'ombe yamphongo chifukwa cha machimo ake ndi a banja lake, pambuyo pake magazi a tonde chifukwa cha machimo a anthu. Tonde wachiwiri adali kumsanjika manja, kuulula pamutu pake zoipa zonse za Aisraele, ndi kumpirikitsira kuchipululu. Anthu kunja adali kudikira. Chaka chamawa zonse zidali kubwerezedwa.

Miyambo imeneyi idali yoyera, pakuti adaipereka ndi Mulungu mwini, ndipo mkhristu sayenera kuinyoza. Idaphunzitsa Aisraele zinthu ziwiri zimene anthu a mitundu yonse aziiwala msanga: kuti Mulungu ndi woyera koposa, ndi kuti tchimo si chinthu chamasewera. Nadabu ndi Abihu, ana a Aroni, adafa pamaso pa Chihema chifukwa chofukiza ndi moto wosalamulidwa. Komabe nsalu ija idali kulalika chaka ndi chaka kuti njira sinatsekuke, ndi kuti magazi a nyama sangathe kusambitsa mtima wa munthu.

Aisraele atalowa m'dziko la Kanani, Chihema chidakhala nthawi yaitali ku Silo. Pambuyo pake mfumu Davide adatengera Bokosi ku Yerusalemu, ndipo Solomoni adamanga Nyumba ya Mulungu motsata chitsanzo cha Chihema, ya Malo Oyera ndi Malo Oyeretsetsa. Ababiloni adaitentha cha m'ma 587 Khristu asanabadwe, ndipo Bokosi silidaonekenso. M'Nyumba yachiwiri Malo Oyeretsetsa adali opanda kanthu. Kazembe wa ku Roma, Pompey, atalowamo mwamphamvu m'chaka cha 63 Khristu asanabadwe, adapeza chipinda chopanda fano lililonse. Koma nsalu yotchinga idalipobe.

Mateyo, Marko ndi Luka onse atatu alemba kuti pa imfa ya Yesu nsalu ya m'Nyumba ya Mulungu idang'ambika pakati, ndipo Mateyo ndi Marko awonjeza kuti idang'ambika kuyambira kumwamba kufika pansi. Dzanja la munthu likadayambira pansi. Kalata yolembera Ahebri, pa mutu 9 ndi 10, imasulira chodabwitsachi: Yesu ndiye Mkulu wa ansembe weniweni, wosasowa kudziperekera nsembe popeza alibe tchimo, adalowa kamodzi kokha, osati m'chipinda chomangidwa ndi manja, koma kumwamba kwenikweni, osati ndi magazi a mbuzi, koma ndi ake omwe. Nsalu yong'ambikayo ndi thupi lake lolasidwa. Iye yekha ndiye wansembe, ndiye nsembe, ndiyenso wosenza machimo kunja kwa mzinda. Nyumba ya miyala ija Aroma, motsogozedwa ndi Titus, adaigumula m'chaka cha 70, ndipo chithunzi cha asilikali onyamula choikaponyale chioneka mpaka lero pa chipata chachikumbutso cha Titus ku Roma.

BOKOSI LA CHIPANGANO NDI AMAYI MARIA

Bokosi lija lidali laling'ono, mikono iwiri ndi theka kutalika kwake, lokutidwa ndi golide kunja ndi m'kati, lonyamulidwa ndi mphiko kuti dzanja lisalikhudze. Kalata yolembera Ahebri itchula zinthu zitatu zosungidwamo: miyala ya malamulo, mtsuko wa mana, ndi ndodo ya Aroni imene idaphuka. Amayi Maria adasunga m'mimba mwao Iye amene ali Mau a Mulungu, Mkate wa moyo ndi Wansembe wamuyaya. N'chifukwa chake m'Litania Eklezia awatcha Bokosi la Chipangano.

Dzinali lili ndi maziko m'Malembo. Liu limene mngelo Gabriele adanena nalo za mphamvu ya Mulungu yodzaphimba Maria, ndi lomwelo limene Baibulo la Chigriki linena nalo za mtambo wophimba Chihema. Ndipo monga Bokosi lidakhala miyezi itatu m'nyumba ya Obededomu, nabwera nalo madalitso, Davide navina pamaso pake, momwemo Maria adakhala ngati miyezi itatu kwa Elizabeti, ndipo Yohane adatakataka ndi chimwemwe m'mimba mwa mai wake.

CHENJEZO KWA AKATEKISTI

Aphunzitsi akale adakonda kusinkhasinkha za Chihema. Bede Woyera, mmonke wa ku Jarrow ku England, amene adamwalira m'chaka cha 735, adalemba buku lathunthu lomasulira matabwa, nsalu ndi zovala za ansembe. Ndipo Baibulo lachilatini lolembedwa pamanja ndi amonke anzake, lotchedwa Codex Amiatinus, losungidwa ku Florence, lili ndi chithunzi chachikulu cha Chihema. Koma mkatekisti asiyanitse zinthu ziwiri. Matanthauzo opezeka m'Chipangano Chatsopano, monga a nsalu, a mkulu wa ansembe ndi a magazi, ndi chiphunzitso chokhazikika. Ena ndi malingaliro abwino othandiza kupemphera. Asayese kupeka chinsinsi pa chikhomo chilichonse ndi ngowe iliyonse, kuopa kuti ophunzira angataye mtengo potola masamba.

CHIHEMA CHA LERO

Kabokosi kosungiramo Ukaristia m'tchalitchi katchedwa tabernakulo, liu lochokera ku Chilatini lotanthauza hema. Malamulo a Eklezia a chaka cha 1983 alamula kuti pamaso pake paziyaka nyale nthawi zonse, yosonyeza kuti Khristu ali pomwepo. Chimene Aroni adachiyandikira monjenjemera kamodzi pachaka chidali mthunzi. Chimene mwana wa Komunyo yoyamba alandira ndiye Mwini mthunziwo. Ngozi ya akhristu a lero si mantha, koma kuzolowera. Ena alowa m'tchalitchi akucheza, napitirira tabernakulo osagwada. Ena alandira Ukaristia osayamba asamba m'Sakramenti la Kulapa, ali ndi tchimo lalikulu mumtima. Enanso, ndipo ndi ambiri, atha zaka ali pabwalo, osalandira masakramenti, ngati kuti nsalu ija idasokedwanso. Chopinga chao, kaya ndi ukwati wosadalitsidwa, kaya chidani chakale, kaya manyazi, chili ndi mankhwala ake, ndipo Bambo Mfumu wa parishi adaikidwira ntchito imeneyo.

Paulo Woyera adauza akhristu a ku Korinto kuti iwo eni, ndi matupi ao omwe, ndiwo nyumba ya Mulungu. Origen, mphunzitsi wa ku Alexandria wa m'zaka za m'ma 200, polalika za Eksodo adalimbikitsa mkhristu aliyense kumanga Chihema mumtima mwake. M'mtima wotere muyenera kukhala guwa loperekerapo zilakolako zoipa, nyale ya chikhulupiriro, lubani wa mapemphero, ndi malamulo a Mulungu osungidwa m'kati mwenimweni. Wodziwa zimenezi saononga thupi lake ndi kuledzera kapena dama, ndipo sanyoza mnzake wobatizidwa, pakuti m'menemonso mukhala Mulungu.

Eklezia akali paulendo monga Aisraele m'chipululu, ndipo Ambuye ayenda naye. Buku la Chivumbulutso, pa mutu 21 ndi 22, lisonyeza mathero a ulendowo: mzinda woyera wolingana m'litali, mulifupi ndi msinkhu, monga adaliri Malo Oyeretsetsa, wopanda Nyumba ya Mulungu yapadera, popeza Mulungu mwini adzamanga hema lake pakati pa anthu ake, ndipo onse adzaona nkhope yake.

MAFUNSO OTHANDIZA POPHUNZITSA

1. Chifukwa ninji Mulungu adasankha hema, osati nyumba ya miyala, m'chipululu muja?
2. Guwa lamkuwa ndi beseni ziphunzitsanji za Mtanda, Ubatizo ndi Kulapa?
3. Mikate ya pa tebulo isiyana bwanji ndi Ukaristia?
4. Ndani adali kulowa kuseri kwa nsalu, liti, ndipo atanyamula chiyani? Kung'ambika kwa nsaluyo kutanthauzanji?
5. Chifukwa ninji Amayi Maria atchedwa Bokosi la Chipangano?
6. Mkhristu asonyeze bwanji ulemu pamaso pa tabernakulo, ndiponso pa thupi lake lomwe?